Dzimbiri la Apongozi Anga

Ena amasowa banja chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha ulesi. Ine ndinatsala pang'ono kulisowa chifukwa cha ukhondo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la sipiriti ndimabisa manja m'thumba.

Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi ku Old Town, makolo atamwalira ndisanayambe sukulu. Agogo ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi chipata cha msika, ndipo lamulo lawo linali limodzi: ukalowa m'nyumba ya eni, pakamwa tseka, manja agwire ntchito. Ankati mwana wa makolo akada anthu amati wasewera, koma wamasiye akada amati alibe mwini. Mapoto athu ankakwechedwa ndi mchenga mpaka ena kubooka. Komanso inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene ngakhale miyala ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa laimu akamabwera akuluakulu. Litsiro linalibe bwenzi m'dziko muno (ndi mmene ndinkaganizira ine).

Nditakula ndinayamba kukonza mawailesi pashopu ya che Amidu, kuseri kwa msika. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Felesiya, amene ankatayipa makalata mu ofesi ina ku City Centre. Wailesi yake inkafa kawirikawiri, ndipo nthawi zina ndikaitsegula ndinkapeza kuti vuto lake ndi batire loikidwa chozondoka. Tinamvana. Chovuta chinali chakuti bambo ake, a Mbewe, anali mkulu m'boma, okhala ku Area 10, pamene ine ndinalibe ngakhale malume woti akandigogodere pakhomo.

Felesiya anati bambo akewo salowereka pakhomo la kutsogolo, koma kugalaja. Sitima yawo yachidole inali itasiya kuyenda, ndipo ankafuna munthu wodziwa mawaya.

Loweruka lake ndinapita, tsitsi nditameta, nsapato nditapolisha. Ndinapeza galimoto ikugona panja padzuwa chifukwa m'galaja munali dziko lina. Pathebulo lalikulu panali njanji yozungulira, mlatho, siteshoni, mitengo ya malambe yopangidwa ndi waya ndi mapepala, ndiponso tianthu tating'ono ngati nyemba. A Mbewe anandiuza kuti ali mnyamata, sukulu isanawakweze, ankathira malasha m'sitima ya pakati pa Limbe ndi Salima. Tisitimati anagula kwa azungu obwerera kwawo, china chilichonse anapanga okha.

Kenaka anandionetsa kagalimoto koyera mbee, koima pakamsewu ka kusiteshoni. Anakaikira injini ya m'wailesi ya kaseti ndi mabatire a tochi. Nthawiyo petulo ankasowa, ndipo iwo ankakhulupirira kuti tsiku lina magalimoto enieni adzayendera moto wa magetsi, mizere ya pamalo omwetsera mafuta idzatha. Ndinayankha kuti inde bambo, mumtima ndikuwamvera chisoni.

Kunena zoona sindinkamvetsera kwenikweni. Ine ndimaona zinthu, ndiyo mphatso yanga, ndipo chimene ndinkaona chinali litsiro. Mutu wa sitima unali bii ndi mwaye. Mabogi anali ndi dzimbiri lotsetsereka m'mbali. Denga la siteshoni linali lofiirira ngati la nyumba ya agogo. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu chotere, wa antchito awiri pakhomo, angalekerere katundu wodula kuonongeka maso akuona.

Ali mkati mofotokoza, mnansi anaimba hutala pachipata kuti petulo wafika ku City Centre. A Mbewe anatola makiyi ndi kuthamanga. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Ukonze za moto zokhazo, mnyamata."

Za moto sizinachedwe. Waya umodzi unali utamasuka, ndipo pamwamba pa njanji panali fumbi longa poda. Ndinamangitsa wayawo, ndinanyowetsa thonje ndi sipiriti, ndinapukuta njanji, sitima inayamba kuzungulira. Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kudikira kuyamikiridwa.

Koma thonje linali likadali lonyowa. Ndinati ndipukuteko mateyala okha. Popukuta mateyala, thonje linakhudza m'mbali mwa mutu wa sitima, ndipo pansi pa mwaye panaoneka utoto wobiriwira, wokongola zedi. Kusiya kadontho kamodzi koyera kukanaoneka ngati ndalephera ntchito, ndiye ndinamaliza mutu wonse. Mutu utawala, mabogi anayamba kuoneka ngati amasiye. Nkhani imeneyo inandikhudza.

Dzimbirilo linali louma mutu. Ndikumbuka kuti ndinadabwa pang'ono kuona dzimbiri papulasitiki, koma ndinadziyankha ndekha kuti pulasitiki wa kunja mwina ndi wina (mukuona, maso ndinali nawo, chimene chinkasowa ndi china).

Ndili pabogi yachiwiri analowa mayi ake a Felesiya ndi kapu ya tiyi. Anaima, anayang'ana mutu wa sitima wowalawo, anayang'ana ine. Anatuluka, ndipo pobwerera anali ndi mswachi wakale, beseni la madzi a sopo ndi kansalu kofewa. "Pansi pa mlathopo musaiwale, bambo," anatero motsitsa mawu. Ndinaona kuti banja lino landilandira.

Ndinatsuka mabogi onse. Ndinakwecha denga la siteshoni mpaka linaoneka ngati malata ogula dzulo. Ndinasesa fumbi lofiira limene linali m'mbali mwa njanji n'kukalitaya m'maluwa. Mpanda wina unali wopendekeka, ndinauwongola. Panali kamunthu konyamula fosholo, malaya ake akuda ngati wagona m'makala, nako ndinakasambitsa.

A Mbewe anabwera dzuwa litapendeka, akuimba kamluzu chifukwa petulo anali atamupeza. Kamluzuko kanathera pakhomo la galaja. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Sitima inali ikuzungulira, ikunyezimira, ine nditaima pambali manja kumbuyo.

"Dzimbiri langa lili kuti?"

"Ndachotsa, bambo. Linavutako, koma latheka."

Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anakhala pampando n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu wolengeza maliro. Dzimbiri lija anachita kulijambula okha ndi kaburashi ka tsitsi lowerengeka, Loweruka ndi Loweruka, kuyambira Felesiya ali kupulayimale. Mwaye unali wa dala. Mpanda unali wopendekeka chifukwa weniweniwo unali wopendekeka. Fumbi lofiira anachita kukalitapa pasiteshoni imene anayambira ntchito. Ndipo kamunthu ka fosholo kaja, kamene ndinakasambitsa, kanali iwowo.

Analoza kagalimoto kaja. "Choyera m'chipinda muno chinali ichi chokha, chifukwa sichinayendebe pamsewu. Tsopano ndidziwa bwanji zakale ndi zam'tsogolo?"

Ndinayang'ana kukhomo. Felesiya anali atagwira pakamwa. Mayi ake, ndi beseni lawo lomwe, sankaoneka paliponse. A Mbewe anandiuza kuti nditenge zida zanga, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku Old Town ngakhale ya basi ndinali nayo. Agogo nditawafotokozera anangofunsa ngati pansi pa mlatho ndinatsukapo bwino.

Masiku anapita wailesi ya Felesiya osafanso. Ndinayamba kuzolowera maganizo oti ndidzakalamba pashopu ya che Amidu. Kenaka tsiku lina anatulukira chimanjamanja, n'kundiuza kuti kwawo kwakhala nkhondo. Mayi ake, amene kwa zaka zonsezo ankaletsedwa kulowa m'galaja ndi tsache, ananenetsa kuti mwa anyamata onse a mataye amene ankazungulira mwana wawo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo kansalu. Mkamwini wawo anali ameneyu. A Mbewe atatopa anagamula kuti ngati ndikufuna chikamwini, ndibwere ndidzabwezere litsiro lawo.

Anzanga a kumudzi pachikamwini amalima munda wa apongozi ndi kumanga nkhokwe. Ine ndinkadetsa sitima. Loweruka lililonse ndinkakhala m'galaja ndi utoto wofiirira, mwaye wa nyali ya palafini ndi dothi losefa ndi sefa ya tiyi. Felesiya ndinkangomumva akuseka kukhitchini. A Mbewe ankaima kumbuyo kwanga n'kumati limenelo si dzimbiri, ndi matope, dzimbiri limatsata njira ya madzi a mvula. Ndinayamba kumaima pamsika n'kumayang'anitsitsa malata akale mpaka anthu kundikayikira. Agogo akafunsidwa kumene ndimapita Loweruka ankati ndili pamaphunziro.

Mvula inabwera n'kupita. Tsiku lina ndinadetsa kamunthu ka fosholo kaja, mwaye wambiri paphewa la kumanja, wochepa kumanzere. A Mbewe anakanyamula, anakatembenuza pakuwala nthawi yaitali.

"Ameneyu ndine," anatero. "Mukawauze agogo anu atumize munthu."

Che Amidu ndi amene anavala mkanjo wawo watsopano n'kukandiimira ngati nkhoswe.

Apongozi anga a Mbewe anamwalira asanaone galimoto ya magetsi yeniyeni. Lero akuti zikuyenda, mdzukulu wanga Tadala anandionetsa pafoni, ndipo chisoni chimene ndinkawamvera chija chinandibwerera ndekha. Sitima zonse anasiyira ine, zakuda bwino, ndipo palibe amazikhudza. Ndinkati phunziro ndinalimva: usakonze chinthu usanafunse mwini wake ngati chafa.

Mwezi wathawu Tadala yemweyo anasiya jinzi yake pachingwe, yong'ambika m'mawondo monse muwiri. Ndinamva chisoni kuti mwana wa kukoleji aziyenda chotero ngati alibe mwini. Ndinaisoka bwinobwino, ndi zigamba mkati. Atailandira analira kuti anaigula yong'ambika kale, ndipo kung'ambikako ndiye kunali mtengo wake.

Sindinadziteteze. Ndingonena pano kuti singano ndi ulusi anandibweretsera ndi Felesiya, ndipo pamene mwana ankalira, iye sankaoneka paliponse.