Tsiku lomwe milamba inalowa m'kalasi mwanga

Anyamata, ndikudziwa mumati ndimathira mchere wambiri pa nkhani, koma iyi mukaikana kafunseni ahedi athu ku Nyachikadza. Mpaka lero akandiona amangopukusa mutu.

Uphunzitsi ndangouyamba kumene, koma silabasi yasintha kale kangapo. Ukangolizolowera buku, wamva kwabwera lina (akalewo timakupizira mphepo, kutentha kwa kuno mukukudziwa). Titapita kumaphunziro kumtunda anatiuza kuti zomangolankhula wekha kutsogolo zinatha, ana azigwira zinthu zenizeni. Ndinabwerako ndikuyenda ngati silabasiyo ndalemba ndine.

Kenako tinamva kuti kukubwera alangizi kudzaonerera ife atsopano. Ahedi anandikokera pambali. "Aphunzitsi, chonde. Mukalakwitsa inu, dzina loipa ndi la sukulu yonse."

Ndinasankha phunziro la ziwalo za nsomba, n'kuuza ana a Sitandade 5 kuti mawa aliyense abwere ndi nsomba. Kuiwala kunena kuti youma. Ana a asodzi! Anabwera ndi milamba yamoyo m'zidebe, wina wotalika ngati ine (chabwino, ngati mwendo wanga).

Alangizi aja, mayi aulemu wawo, atakhala kumbuyo, ndinayamba mwamphamvu. Mlamba umodzi kuphiriphitha, chidebe kugubuduka, china kutsatira, madzi ponseponse. Ana onse pansi kulimbana nayo.

"Apfundzisi, wina walowa kunsi kwa mpando wa alendo!"

Mayi aja anangokweza miyendo, nsapato zili m'manja.

Zitazizira anati, "Mwayesetsa, bambo. Komatu mutu umenewu unachoka mu Sitandade 5. Simunabwere kumaphunziro achiwiri?"

Achiwiri ati? Kani anachitika madzi atasefukira, eni mabwato onse akukana kuwolotsa anthu, ife pokhala a kutsidya kwa mtsinje uthenga osatipeza. Ife kuno tinkanyadira zatsopano zoti kwina zinakalamba kale. Ahedi, omwe anali chiimire pakhomo, anangogwira pakamwa.

Pano ndikamva kuti zasinthanso sindithamanga, ndimadikira zisinthe kaye kachiwiri.

Koma pali pomwe ndimadumpha ndikamafotokoza. Ndimati ine ndinaima nji kulamulira ana. Bodza. Mlamba utangondikhudza kuphazi ndinakuwa "Mayooo!" n'kudumphira padesiki, buluku kung'ambika kumbuyo konse. Malangizo onse aja ndinawamvera nditatsamira khoma, ndipo kunyumba ndinapita nditamanga chitenje cha akazi awo a ahedi.