Kwaya Yoyimba Zolakwa za Laputopu

Amene akuti ndi bodza anyamule thumba lake la kachewere akadikirire lole kutsidya kwa msewu, chifukwa ine Lazaro Ngozo sindinanamepo chibatizidwireni, ndipo zimene ndikunenazi anaziona Kandeu yense, kuyambira Che Bwanali a golosale awa mpaka nkhuku za mkazi wanga. Inu mukudandaula kuti foni ikukuvutani? Simunaone kanthu. Ine ndinalimbana ndi pulogalamu yolembera nyimbo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ikanakhala ndi miyendo bwenzi mpaka lero ikutsimphina.

Zinayamba chonchi. Ndinali mphunzitsi wa kwaya ya pa tchalitchi pathu zaka makumi atatu, nyimbo ndikulemba ndi choko pabolodi, do re mi, anthu n'kumayimba bwinobwino. Kenaka okonza mpikisano wa makwaya analamula kuti kwaya iliyonse izibwera ndi nyimbo yake yopulinta, manotsi a pamizere isanu aja, kuti majaji aziyendetsa chala papepala inu mukuyimba, mukasiyana ndi pepala malikisi apita. Komiti ya pa tchalitchi inandiyitana n'kundiuza mosapsatira kuti tikapanda kulowa m'makwaya atatu oyambirira, ndodo yoyimbitsira ipita kwa Mayi Nachisale, aphunzitsi a ku pulayimale amene anali atangobwera kumene ndi kiyibodi yawo. Ndodo imeneyo ndinasema ndekha, ya mlombwa. Zinandiwawa, sindibisa.

Mwana wanga Chisomo, wa ku Lilongwe uja, ananditumizira laputopu yakale muli pulogalamu yake kale, ndipo ine ndinaidziwa yonse madzi a tiyi asanawire. Ndinalembamo nyimbo yanga ya masika, yopeka ndekha, mawu onse anayi: sopulano, alito, tenala ndi besi. Ndinaseva. Nditatsekulanso, besi anali atakwera pamwamba pa sopulano, alito atagwera pansi penipeni, mawu a nyimbo atasuntha onse n'kusiya manotsi awo ngati ana okhala pabenchi yolakwika. Ndinakonza, ndinaseva, zinabwereranso. Ndinakonzanso mpaka chala ichi chinafupika, onani, chinali chofanana ndi chinzakechi.

Mukumva? Izo zinali zazing'ono. Tsiku lina ndinapendeketsa laputopu ija kuti ndipukute fumbi, manotsi a tsamba lonse lachiwiri anakhuthukira pansi kudzera pabowo lolowetsera fulashi, akudaakuda ngati nyemba, nkhuku n'kuthamangira kutola ndisanapeze tsache, moti tambala wathu analira m'mawu anayi sabata yathunthu, thadzi n'kumaikira mazira okhala ndi kamchira koloza m'mwamba, ndipo mkazi wanga Nambewe atakazinga limodzi chiwaya chinayimba vesi loyamba mpaka kumapeto. Lachisanu lake ndikubwera kudzatchaja laputopu ija kwa Che Bwanali, kachizindikiro ka kupuma kanagwa pakati pa msika, anthu onse zii kwa kugunda kunayi, mbuzi kukamwa yasa, Che Bwanali atalekeza mtengo wa shuga pakati, kenaka phokoso n'kupitirira pomwe linalekera. Afunseni ali apowo. Kachizindikiro kobwereza kaja, ka timadontho tiwiri, kanakakamira pa tayala la ngolo ya mlamu wanga, ndipo tsiku limenelo anafika pa Kandeu n'kupezeka alinso pakhomo pake, ng'ombe zili dololo, n'kuyambiranso ulendo, kachewere n'kutsitsa ulendo wachiwiri.

Pamwamba pa sikirini panali timawu tonena kuti apudeti yokonza zonsezi ikubwera posachedwa. Ndinaimbira Chisomo, anandiuza kuti si ine ndekha, anthu m'maiko ambiri akulira ndi pulogalamu yomweyo, ndipo eni ake akungoyankha kuti posachedwa, tsiku osalitchula. Mwezi unatha. Wina unathanso. Kenaka inalemba kuti apudeti yafika, ndiitsitse. Kwathu netiweki imapezeka paphiri pokha, choncho ndinagula bandulo, laputopu pamutu, n'kukwera mpaka pamwala waukulu uja, n'kukhala pansi kuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda, ndipo nanzikambe amene ananyamuka nako limodzi anakadutsa, anapita kukaona abale ake ku Nzama, anabwerako n'kukadutsanso kachiwiri. Pofuna kusataya nthawi ndinabzala kachewere pomwe ndinakhalapo, ndinapalira, ndinakwezera, ndinakumba matumba asanu ndi limodzi, kamzere kali pa 99. Kenaka inalemba kuti zakanika, ndiyesenso.

Ndinatsika madzi atafika m'khosi, mpikisano utatsala milungu isanu. Nambewe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, fodya wanu ndi amene ali pamphuno. Zili m'makinamo ndi zomwezo, onani chochita nazo."

Apa ndi pomwe mutu wa Lazaro Ngozo unagwira ntchito. Majaji amafuna kuti kwaya ndi pepala zigwirizane. Sananene kuti chizitsata chinzake ndi chiti. Ngati pepala lakana kutsata kwaya, ndiye kwaya itsate pepala. Ndinakopera zolakwa zonse za laputopu pabolodi, chimodzichimodzi, n'kuyamba kuziphunzitsa.

Abambo a besi, anthu a ndevu zawo, ndinawakweza mpaka anayimba pamwamba pa atsikana, mawu osongoka moti mileme yonse inasamuka m'denga la tchalitchi n'kukachita lendi kwa a mpingo wina, magalasi awiri a mawindo anasweka, agalu a m'mudzi n'kumabwera kudzakhala pakhomo nthawi ya pulakatisi. Amayi a alito ndinawatsitsa pansi mpaka nthaka inanjenjemera, kachewere wa m'dimba la kuseri kwa tchalitchi n'kudzikumba yekha, mwini wake anangobwera ndi matumba. Mawu osuntha aja tinawayimba chisunthire, kupuma pakati pa dzina la Ambuye, abusa n'kumangoyang'ana pansi. Panalinso malo amodzi, chakumapeto, pomwe kugunda kunali kasanu m'malo mwa kanayi. Pamenepo ndinati aliyense aponde phazi pansi kamodzi, mwamphamvu, ngati momwe timapondera pa ngoma. Pofika mlungu wachisanu, anthu makumi anayi ankalakwitsa pamodzi mosaphonya ngakhale notsi imodzi. Mayi Nachisale ankakhala kumbuyo, manja ali pachifuwa.

Kutatsala tsiku limodzi ndinapita pa boma kukapulinta. Pashopu yopulintirapo pali intaneti yosachita kukwerera phiri. Ndinaika laputopu patebulo, ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato, ndipo podzuka apudeti ija, imene inandikanika miyezi yonseyo, inali italowa yokha, osapempha, osaodira. Ine sindinadziwe. Mayi wa pashopupo anapulinta, anaika mu envelopu, anamata, ine n'kuika m'thumba la jekete mtima uli m'malo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Mpikisano unali ku Sharpevale, kotentha kuja, tinatsika pa lole titavala yunifolomu. Ndinapereka envelopu, ndinakweza ndodo, tinayamba. Chala cha jaji woyamba chinalowera pansi kutsata besi, besi wanga ali m'mwamba. Chinakwera kufuna alito, alito ali pansi pa nthaka. Jaji wachiwiri anatembenuza pepala chadodolido, wachitatu anavula magalasi, anawapukuta, n'kuyang'ana kuseri kwa pepala ngati kuli nyimbo ina. Ife osadziwa kanthu, tikuyimba ndi mtima wonse, mapazi pansi dii, fumbi kobo, mpaka wotchi ya pakhoma inabwerera m'mbuyo mphindi zitatu.

Titamaliza, jaji wamkulu anandiyitana n'kundionetsa pepala. Linali loyera, besi pamalo pake, alito pamalo pake, mawu aliwonse pansi pa notsi yake, nyimbo yanga yeniyeni monga ndinaipekera. Anati pepala lokongola chonchi sanalionepo tsiku limenelo, koma kwaya yayimba nyimbo ina. Anati tagwirizana ndi pepala malo amodzi okha, pa kugunda kasanu paja, ndipo pamenepo talakwitsa tonse, kwaya ndi pepala lomwe.

Pa makwaya asanu ndi anayi tinakhala oyamba, mukawerengera kuchokera kumunsi.

Lamulungu lotsatira ndinapereka ndodo pamaso pa mpingo. Sindinalire, chinali chimfine cha fumbi la ku Sharpevale. Ndinauza aliyense kuti apudeti ija inali yosakwanira, inakonza zonse n'kuiwala cholakwa chimodzi, ndipo ndikanadziwa kwawo kwa anthu opanga pulogalamuwo ndikanapita wapansi. Anthu atatuluka, Mayi Nachisale anabwera ndi kope langa lakale la solofa, la do re mi, limene ndinalembamo nyimbo ija laputopu isanabwere n'komwe, anatsekula tsamba lomaliza n'kuloza ndi ndodo yanga yomwe.

"A Ngozo, tawerengani apa," anatero motsitsa mawu.

Ndinawerenga. Kasanu. Ndi dzanja langa, inki yanga. Makina aja sanaiwale kanthu, anangosiya zimene ndinawapatsa. Mayiwo anatseka kope n'kundibwezera, ndipo mpaka lero sanauzepo munthu, moti mukumva inu ndinu oyamba, ndipo mukakanena ndidzakana.

Pano ndimayimba besi, mzere wakumbuyo, pafupi ndi zenera losweka lija. Mayi Nachisale anabweza zonse m'malo mwake, abambo pansi, atsikana pamwamba, ndipo ndivomere, zikumveka bwino. Koma pakafika pamalo paja amakweza ndodo n'kuwerenga kanayi, anthu makumi anayi n'kuponda kachisanu, dii. Ayesa kuwaletsa zaka zitatu, akanika. Nyimboyo yafika ku Nzama, yafika ku Sharpevale, ndipo konseko akuponda. Laputopu ija ikulembabe kuti apudeti ina ikubwera posachedwa. Ibwere. Zolakwa zake inafufuta yokha pa nthawi yomanga chingwe cha nsapato, koma changa chija, cha Lazaro Ngozo, palibe makina amene adzachichotse m'mapazi a anthu. Amene akukayika abwere Lamulungu, akhale kutsogolo, ndipo asavale zoyera chifukwa kumachita fumbi.