Baibulo la a Yoswa Lokhala ndi Chombo M'kati

Inu, sunthirani kuno, basiyo sibwera msanga. Ku Msakambewa kunali mphunzitsi wina, a Yoswa, munthu wokonda mabuku kuposa ndiwo. Matipate atangobwera, pa Madisi panadzaza kaunjika, ndipo pakati pa majekete iwo anatolapo buku la Chingerezi, la anthu othawa dziko lino pa chombo kupita kunyenyezi. Vuto linali chikuto: mayi wovala thalauzi yothina, mfuti ili m'manja, kumbuyo kwake chinthu chobiriwira cha maso anayi. Munthu wofunsira mbeta kubanja lopemphera sangayende ndi zoterozo. Anachisupula, nkulowetsa bukulo m'chikuto chakuda cha Baibulo lakale limene chiswe chinamaliza.

Ndiye ankaliwerenga paliponse, kuchigayo, pansi pa mango, ngakhale m'tchalitchi ulaliki ukatalika. Mudzi wonse unagoma. Mtsikana amene ankamufunayo anali Lidia, ndipo mawu omaliza anali kwa atsibweni ake, a Elifala, mkulu wa mpingo, munthu amene anabwezapo mnyamata chifukwa choimba mluzu pa Sabata.

Tsiku lina a Elifala anawaitanira ku mapemphero apakhomo. Mbumba yonse ili pamphasa, Lidia wavala chitenje chatsopano, a Yoswa pampando wandalema, buku lakuda pabondo.

"Aphunzitsi, lero Mawu mutiwerengere ndinu. Langa lisiyeni, tsegulani lanu lomwelo."

"Ndi la Chingerezi, bambo."

"Nanga sukulu munapitiranji? Muzimasulira."

A Yoswa anatsegula bukulo, nkukumana ndi kaputeni akukangana ndi makina olankhula. Kubwerera kunalibe.

"Ndipo kunali kuti nthaka inaguga," anayamba ndi mawu a paguwa, "chimanga osabereka popanda feteleza."

"Zoona zimenezo," anavomera amayi ake a Lidia.

"Pamenepo anthu anamanga chombo chachikulu ngati phiri la Ntchisi, nalowamo ndi mbewu zawo, nauluka kupitirira mwezi."

"Chingalawa cha Nowa chinauluka?" anafunsa azakhali ena.

"Ichi ndi china, mayi, cha kutsogolo."

Apa a Yoswa anayamba kumva kukoma. Anaimirira, manja m'mwamba, kufotokoza mmene madzi anathera m'chombomo, mmene anthu anagonekedwera m'mabokosi ozizira kuti asakalambe panjira. Azakhali aja anapukuta misozi. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro. Lidia yekha ndiye analuma chitenje, mapewa akugwedezeka, chifukwa Chingerezi anachiphunzira ku sekondale ndipo tsambalo ankaliona bwinobwino.

Atanena ameni, a Elifala anakokera a Yoswa kuseri kwa chigafa cha fodya.

"Aphunzitsi, Baibulo ndayamba kuliwerenga inu musanabadwe. Bokosi lozizira mulibemo."

"Pepani, bambo, ndalakwa."

"Mwalakwa ndithu, ndipo kumpingo ndiyenera kukanena." Anayang'ana uku ndi uku, nkutsitsa mawu. "Koma madziwo anawapeza?"

"Anawapeza, bambo, pa chimwala chouluka."

"Ha! Nanga kaputeniyo anagwirizana ndi makinawo?"

"Pamenepo sindinafikepo."

A Elifala anakanda ndevu kanthawi. "Chabwino. Kumpingo sindikanena. Muzibwera Lachitatu lililonse, tizikhala kuseri kuno awiriwiri, muzindimasulira osadumpha tsamba. Anthuwo akakafika kunyenyeziko, ankhoswe anu abwere, Lidia ndi wanu."

A Yoswa anabwerera kwawo akuvina panjira, nsapato zili m'manja, kupereka moni ngakhale kwa mbuzi. Atafika anakhala pakhonde nkutsegula tsamba lomaliza, kuti aone kuti ukwati uli patali bwanji.

Chombo chinali chikadali panjira, abale anga, zidzukulu za kaputeni zitamera imvi. Pansi pake panalembedwa kuti awa ndi mathero a buku loyamba mwa mabuku asanu.

M'mawa mwake ana anakhala okha m'kalasi. Aphunzitsi anali pa Madisi, atalowetsa mutu mumulu wa majekete.