Katani Imodzi ndi Mapini Atatu

Kwa Bwana Mkulu wa Chipatala,

Bwana, ndagwada. Pepani kuti munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi ndikulembera inu amene makoma a ofesi yanu anadzaza ndi mapepala a maphunziro. Ine ndine telala uja wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera mabasi. Kusukulu sindinapondeko ngakhale pothawa mvula. Dzanja mukuwerengali ndi la mayi a kunyumba kwanga, koma mawu ndi anga, ndipo ndawachenjeza kuti asachotsepo kapena kufewetsa liwu lililonse. Ndalemba poyera, kuti aliyense awerenge, chifukwa adokotala anu sanandisiyire chobisa.

Masabata atatu apitawo, Lachiwiri masana, singano ya makina inandilowa pachala n'kuthyokera momwemo. Amene anandithamangitsira kuchipinda chanu cha angozi ndi mnansi wanga wometa tsitsi, amene msewu wonse umamutcha Wailesi. Ndi munthu wa mtima wabwino, koma pakamwa pake palibe zipi. Ndiye ndabwera ndi mathokozo, Bwana, ndipo ndawaika m'manambala monga mumachitira ophunziranu.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mpweya wabwino. Pamwamba pa bedi limene anandikhazika pali waya wa katani, koma kataniyo palibe. Ndinazindikira kuti ndi nzeru zakuya, kuti odwala tisamasungulumwe. Benchi ya odikira ili pafupi moti wokhala kumapeto akhoza kukukanda kumsana. Pa maola awiri amene ndinakhala pamenepo ndinaphunzira matenda a anthu asanu, awiri mwa iwo pamodzi ndi amene anawapatsira. Mayi wina anafunsidwa funso limene ine, pa zaka makumi anayi za ukwati, sindinawafunsepo akazi anga. Anayankha akuyang'ana pansi, ndipo adokotala anabwereza yankho lakelo mokweza, kuopa kuti mwina akumbuyo sanamve.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha dzina latsopano. Pamsewu pathu ana amati agogo, akulu amati abambo. Adokotala anu anati, "Iwe madala, kweza dzanja." Ananena izi foni ili yopanidwa pakati pa khutu ndi phewa, akukambirana ndi mnzawo za tayala la galimoto. Ndinadikira kuti tayala lipole kaye, poti nalonso ndi wodwala. Mwana ameneyu, Bwana, mwina suti ya ukwati wa bambo ake ndinadula ndine. Koma ndani angatsutse munthu wovala zoyera?

Chachitatu ndiye mwini nkhani, ndipo mayi akunyumba aima kaye kulemba kuti apukute m'maso. Singano itachotsedwa, anamwino anandibaya chala china n'kuika magazi pa kamakina. Adokotala anayang'ana, kenaka anaima chapatali n'kundifunsa kuti akweza zala zingati. Ndinati zitatu. Zinali ziwiri. Basi sanandiyang'anenso. Anatembenukira kwa Wailesi, osafunsa n'komwe kuti ndi ndani wanga, n'kunena ndi mawu ofika mpaka kukhomo: "Madalawa shuga yawadya maso. Ati ndi telala? Telala wosaona! Awa akungowononga nsalu za anthu." Pabenchi ena anaseka. Chikalata cha zotsatira anachipereka m'manja mwa Wailesi yemweyo, amvekere, "Mukawawerengere, awa sadziwa kuwerenga." Zikuoneka kuti kusukulu kwanu amaphunzitsa kuti munthu wosadziwa kuwerenga alibenso chinsinsi.

Sindinama, Bwana, sindinazolowere. Za shuga ananena zoona, ndipo mankhwala anu ndikumwa. Maso anga anayamba kuchita chifunga zaka zitatu zapitazo. Amene ankadziwa ndi anthu awiri, ine ndi amene akulembawa. M'mawa uliwonse, tisanatuluke m'nyumba, iwo ankandilowetsera ulusi m'singano khumi n'kuzibaya pakapilo, ulusi wa makina n'kuundandalika m'bokosi, wakuda kumanzere, woyera kumanja, mitundu ina pakati monga tinapanganira. Zina zonse zala zinkaona zokha. Pa zaka zitatu zimenezo palibe chovala chimodzi chimene chinabwezedwa. Ana athu ndinkafuna kuwauza ndekha, nditawakhazika pansi. Mwana wanga woyamba, bambo wa ana anayi, anakazimvera m'basi kwa munthu wosamudziwa.

Wailesi sindikumuimba mlandu. Ukasungitsa nyama kwa galu, mlandu si wa galu. Iye amameta mitu makumi awiri patsiku, ndipo mutu uliwonse uli ndi makutu awiri. Pofika Loweruka anthu anali atayamba kubwera mmodzimmodzi, akuyang'ana kumbali. "Abambo, tangobwera kudzatenga kansalu kaja, tasintha maganizo." Mayi wina amene ndinamusokera diresi yake ya ukwati anadzatenga ya mwana wake, manja okha atatsala kuti ndilumikize. Anaikulunga mwachangu ngati akuilanditsa pamoto. Nsalu zisanu ndi zinayi zachoka. Makina anga, amene sanagonepo tsiku la ntchito chiyambire, ndawafunditsa chiguduli. Chala munachipoletsa bwino kwambiri, zikomo. Kungoti chilibenso chochita.

Chachinayi, ndiloleni mbuli ikuuzeni za ntchito yake. Telala amagwira thupi la munthu monga dokotala. Tepi yanga yoyesera imadziwa mimba mwini nyumba asanauzidwe. Imadziwa bambo amene akuonda mwezi ndi mwezi, kumabwera kuti ndimupanikizire thalauza mwakachetechete. Imadziwa mikwingwirima ya kumsana imene mayi amati anagwa posamba. Pa zaka makumi anayi ndi zisanu, funsani msewu wonse ngati wina anamvapo muyeso wa mnzake kuchokera pakamwa panga. Amene anandiphunzitsa ntchito, mkulu wina wosaphunzira ngati ine, ankandilumitsa mapini atatu pamilomo ndikamayesa munthu. Ankati ukatsegula pakamwa, umeza. Ndinkaganiza kuti ndi nkhanza. Lero ndaona kuti inali sukulu imene adokotala anu anaidumpha.

Pali kanthu kena kakang'ono. Pamene adokotala anawerama kuti amange chala changa, dzanja langa labwinoli linakhudza thumba la chijasi chawo choyera. Msoko umenewo ndinaudziwa ngati mwana wanga. Ndinausoka ndine, mwezi umodzi m'mbuyomo, wantchito wa kunyumba kwawo atabweretsa chijasicho chitang'ambika. Ndiye kuti pamene ankalengeza kuti ndimawononga nsalu za anthu, foni ndi zolembera zawo zinali zitakhala mwamtendere m'thumba losokedwa ndi wakhungu yemweyo. M'thumbamo, tsiku limene chijasicho chinabwera kwa ine, munali kanthu kamene anaiwala. Ndinakakulunga m'pepala n'kukabweza. Kanali kachiyani? Amene akulembawa andifunsa kawiri, ndipo nawonso sindinawauze. Adokotala agone tulo, mapini akadali pakamwa panga.

Tsopano pempho langa, Bwana, ngati wosauka amaloledwa kupempha. Musawachotse ntchito, singano ija anaichotsa mwaluso. Kupepesa kwa papepala sindikukufunanso, ndingakawerengeredwe ndi Wailesi. M'bokosi mwanga mwatsala nsalu imodzi yobiriwira, imene ndinagula kuti ndisokere mayi akunyumba diresi. Avomera kuti aipereke. Ndiloleni ndibwere ndi makina anga, ndiwaike pakati pa chipinda chanu cha angozi, tsiku limene benchi yadzaza, ndikusokereni katani ya pawaya paja. Mayi akunyumba adzalowetsa ulusi poyera, poti palibenso chobisa. Aliyense amene anamva kuti telala uja anatha adzabwere, adzatembenuze msoko, adzauyang'ane ndi maso ake abwinowo. Akapeza pokhota ngakhale pamodzi, makina ndidzawasiya komweko, mukagulitse kwa a zitsulo.

Koma telala sapachika katani yekha. Pamafunika wogwira mbali inayo. Mundibwereke adokotala aja, ola limodzi lokha. Iwo ndi aatali, adzafikira waya bwinobwino. Mapini atatu ndawaika m'envulopu muno, ndi atsopano, sanalumidwepo. Muwapatse ayambiretu kuyeserera. Tsiku loyamba milomo imawawa, koma munthu amazolowera. Ine amene sindinaone mkati mwa kalasi zinanditengera sabata imodzi. Iwo, ndi maphunziro onse aja, ndikukhulupirira kuti mwezi udzawakwanira.

Ndine wanu wotsikitsitsa, amene chala chinapola koma dzina likuchuchabe magazi,

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo.

Ndadinda pansipa ndi chala chomwecho. Chipseracho mudzachizindikira, ndi ntchito ya kwanu.