Tinsomba Tanga ndi Labu ya Tadala

Lolemba
Tadala, Tadala, Tadala! Mwana wa amalume a ku Indianapolis amutenga ku labu yofufuza khansa ya mu ubongo mwa ana. Akuti kumeneko amaonera momwe ubongo ndi mitsempha zimakulira m'mazira a tinsomba tamizeremizere. Amayi pa foni tsiku lonse: "Mwana wa achimwene ndi dokotala kale!" Chonsecho tili giredi imodzi. Lamulungu mpingo wa Amalawi ukamupempherera kutsogolo. Inenso ndikaima kutsogoloko ndi zofufuza zanga, zivute zitani.

Lachiwiri
Ndakwera basi, ndagula tinsomba tomweto tiwiri. Zida: botolo lalikulu la mayonezi, galasi la amayi lowerengera timalemba ta mankhwala, kope latsopano. Tinsombato tiikire mazira, ndione ubongo, ndilembe. Tadala mpaka labu yonse. Ine shelefu yakwana.

Lachitatu
Mazira palibe. Tikungothamangitsana. Pa foni ya amayi pafika chithunzi: Tadala mu khoti loyera lomukulira. Amayi: "Taona, mpaka magalasi!" Ndi otetezera maso, amayi. Ngakhale wosesa amavala.

Lachinayi
Aphunzitsi a sayansi aonera kavidiyo ka botolo langa. Akuti tonse ndi tatimuna. Tonse tiwiri!

Lachisanu
Anti Nabanda, anzawo a amayi a kuntchito, asuzumira m'botolo. "Iwe, matemba awiri akwanira ndani?" Ndikuwafotokozera za mitsempha bwinobwino. "Eya, ngati Tadala! Uzimufunsa, akuphunzitse." Ndikuwaperekeza, kamodzi kadumphira kuseri kwa shelefu. Ndakapeza kataumiratu.

Loweruka
Kuchoka kwathu ku South Bend mpaka kwa amalume ku Indianapolis, maola atatu, botolo pakati pa miyendo. Ndikudikira kuti Tadala aseke, ndimuyankhe. Sakuseka. "Madziwa ndi ozizira, kakuvutika." Kenako akundiuza motsitsa mawu kuti ntchito yake ndi kutsuka matanki a nsomba basi, ndipo dzana anakumana ndi kamwana kopanda tsitsi kakukoka botolo la diripi, iye n'kukalirira kuchimbudzi. "Usawauze adadi." Mayankho onse amene ndinakonza m'galimoto athawa. Ngakhale chisoni akundiposa.

Lamulungu
Kansomba katsala kwa Tadala, kuli madzi ofunda. Kutsogolo ndaimadi: abusa amafuna wamtali wogwira chipepala cha zithunzi za ubongo. Amalume: "Kweza, mphwanga, kwezabe!" Pemphero lalitali, mikono ili m'mwamba, ameni ndanena nawo. Pa chithunzi chimene amayi atumiza ku Malawi, ine ndikuoneka zala zokha.