Silabu Idafika Ndi Munthu Mmodzi

Ndinene poyambirira pomwe: masamu anga sadalakwe. Amene amaseka nkhaniyi ku Matandani mpaka lero ndi anthu oti ngakhale Fomu 1 sadaiponde.

Padali patangopita chaka tivotere zipani zambiri. Chimbudzi chathu chidagwa ndi mvula, ndipo a Gondwe, azaumoyo, adatiumbira silabu ya simenti kuchipatala, yozungulira, yolemera ngati matumba awiri a chimanga. "Imodzi pakhomo," adatero. "Ikasweka musabwerenso, simenti yatha." Dzenje ndidali nditakumba kale kumunsi kwa nyumba.

Mwambo wake, silabu amanyamula amuna anayi pamitengo. Vuto lidali loti amuna a mbali yathu onse amamvera mlamu wanga Lufeyo, ndipo ine ndi iyeyo tidali tisakuyankhulana chiyambire kampeni (adanditchula "wotsalira" pamaliro, ine ndidamuyankha zomwe sindingalembe pano).

"Kapepeseni basi, bambo a Chisomo," adatero mayi akunyumba. "Mpaka liti tizipita kutchire?"

"Ndipepese? Ine wa Fomu 4? Ndiikoka ndekha."

Ndidafukula kope langa la fizikisi, lodyedwa ndi chiswe m'mbali. Ntchito ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda, koma chingwe chikapendekeka umachulukitsanso ndi kosaini. Mphamvu imagawika pawiri: ina imakokera kutsogolo, ina imanyamulira katundu m'mwamba pang'ono, ndiye kukhulana kwake ndi nthaka, fulikishoni, kumachepa. Ndidapeza kuti chingwe chochoka pa silabu kufika paphewa panga pa madigiri 30 chindikwanira. Kuti fulikishoni ichepe zedi, ndidamangirira makungwa aawisi a nthochi kunsi kwake. Chingwecho ndidachizunguliza pachifuwa, mfundo yolimba, kuti manja azipuma.

A Gondwe adandiyang'ana. "Kodi achimwene, kwanu kuja si kotsetsereka?"

"Inu dziwani za udzudzu," ndidawayankha.

Ndipo idayenda! Pamsewu ponse silabu imanditsata ngati mbuzi yozolowera. Ndidadutsa dala pakhomo pa Lufeyo, pomwe iye ndi anzake amasewera bawo, ndikuimba mluzu (mapapo akupsa, koma mluzu sudaleke).

"Alamu, ng'ombe yake ndi ya ndani imeneyi?" adafuula. Sindidacheuke.

Tsopano apa mvetsetsani. M'kope muja chithunzi chidali cha bokosi pamzere wowongoka. Aphunzitsi athu sadajambulepo mapiri a kwathu kuno ku Neno. Nditangopatuka kulowa kanjira kotsikira kwathu, chingwe chidalefuka. Ndidati mwina mfundo yamasuka. Kucheuka, silabu ikubwera yokha, makungwa a nthochi akuchita thovu pa udzu wamame. Fulikishoni ija ndidaichotsa ndekha ndi manja angawa, ndiyo ndimaifuna tsopano.

Ndidayamba kuyenda ndawala. Nayonso ndawala. Ndidathamanga. Kupatukira kumbali sikukadatheka, uku chinangwa cha mayi akunyumba, uku minga, ndipo mfundo ija ndidaimanga ngati ya ng'ombedi. Ndidadutsa pabwalo langa ndikukuwa "Chokani! Chokani!" nkhuku zili balala, mayi ali kukamwa yasa ndi lichero m'manja.

Kanjirako kamathera padzenje.

Ndidagweramo ndi miyendo, chingwe chidakoka, kumwamba kudamveka khu! kenako mdima. Silabu idakhala pakamwa pa dzenje ndendende, ngati aikapo amisiri. Ine pansi, bondo likuwawa, ndikuona kumwamba kudzera pa kabowo mukukadziwa kaja. Chingwe chidali chilili, madigiri 90, kosaini wake ziro. Kukoka konse komwe ndidakoka mmenemo, ntchito yake idali ziro. Apanso buku silidaname.

Kuwala kwa pabowo kudatsekeka. Diso la Lufeyo.

"Odi kuno! Muli anthu?"

"Chotsa chinthuchi, iwe!"

"Chimafuna amuna anayi, alamu. Kapena muwerengere kaye?" Ndidamva kuseka kwa mudzi wonse pamwamba panga. "Anthuni, pano ndi demokalase. Amene akuti atuluke akweze mkono."

Kenako mawu a mkazi wanga yemwe: "Ayambe apepesa. Apo ayi, ine chimbudzi ndachipeza kale, ndipo ndikuchifuna."

Ndidapepesa. Koma dziwani kuti ndidapepesera m'dzenje, pakabowo, ndipo kupepesa kotero sikuwerengedwa. Adainyamula anayi, ndidatuluka, adaibwezera pomwe ndidaiika ine.

A Gondwe atabwera kudzayendera sadapeze mng'alu ngakhale umodzi. Silabuyo ilipo mpaka lero. Lufeyo akabwera kudzacheza amagogoda pachitseko cha chimbudzi n'kufunsa monditonza ngati aphunzitsi a fizikisi alimo. Aseke. Ine ndidati silabu ifika ndi munthu mmodzi, ndipo idafika ndi munthu mmodzi. Amene adalakwa ndi amene adaika phiri pamenepo.