Mabolasha Anga a Natale ndi Kiyi wa Khitchini

Lolemba

Pakamwa panga pandipalamulira. Dzulo titatuluka misa, a Esitere alengeza kuti akutula pansi kiyi wa khitchini ya tchalitchi chathu cha Msumba, miyendo yawakana. Loweruka ndi Natale, Khirisimasi. Amene adzabweretse chokoma kuposa onse pa tiyi wa tsikulo, kiyi ndi wake. Lusiya, uja anabwera kuchokera ku Malawi ndi mapoto owala, akuti aphika keke. Ine osaganiza n'komwe: "Ndiphika mabolasha, mabisiketi a mitundu inayi."

Kiyiyo ndikumufuna, sindibisa. Zaka zonsezi ine wa mandasi, Lusiya wa kutsogolo.

Mwana wanga Marta wanditumizira vidiyo pafoni kuchokera ku Lichinga. Ndasankha:
- nyenyezi za shuga
- tianthu ta jinja
- a koko
- a mtedza

Mzungu wa mu vidiyoyo wavala juzi, panja pake pali poyera ndi chisanu. Ine thukuta mpaka m'chitenje.

Lachiwiri

Ndakwera chapa, minibasi ya ku Metangula, mvula njira yonse. Ufa wa tirigu, shuga, majarini, mazira, jinja. Koko kulibe. Mitundu yatsala itatu, ndipo mtima wapepukako.

Chodulira nyenyezi kulibenso. Bambo a Marta andidulira chitini cha mkaka. Nyenyezi yawo ili ndi miyendo inayi, umodzi wautali. "Za kumwambazo unaziyeza?" atero.

Ndakanda ufa. Majarini asungunuka ndi kutenthaku, zonse zangokakamira m'zala. Ndiye ndaonera vidiyo mpaka pothera, akuti mtandawo uuike kaye mu jeleira, mu firiji. Mwayi palibe mlendo anafika.

Lachitatu

Jeleira m'mudzi muno ndi ya a Jaime okha, ogulitsa nsomba aja. Avomera bwinobwino. Ndaika mtanda wanga m'mbale, kuvindikira ndi nsalu, pambali pa kampango atatu.

Masana ndakatenga. Walimba bwino, ukudulika ngati wa mzungu uja. Ndavina ndekha m'khitchini. Uvuni wanga ndi wa masiku onse: mchenga pansi pa mphika, makala pa chivindikiro. Vidiyo ikuti moto ukhale sentu e oitenta, ndiye kuti 180. Ndaika dzanja, ndamva kuti yakwana.

Nyenyezi zapsa bwino, zofiirira. Kuluma kamodzi, kampango!

Bambo a Marta adya zisanu ndi ziwiri. "Izi zikufuna tomato basi."

Lachinayi

Ndayambiranso. Mtedza waphukira m'thumba ndi chinyezi, mitundu yatsala iwiri. Jeleira ya a Jaime ayi. Mbale ndaiyandamitsa mu mtsuko wa madzi ozizira, ndipo zatheka ndithu. Nzeru ndili nazo, anthu sadziwa chabe.

Mchenga wa dzulo unagona panja, wanyowa. Gombe lonse lanyowa. Wouma ndaupeza malo amodzi okha, pansi pa thandala la usipa limene aphimba ndi pulasitiki. Ndatapa ndowa theka, ndikudziyamikira.

Mchenga utangotentha, amphaka atatu pakhomo.

Tianthu ta jinja tatupa mimba, mitu kulibe, fungo la usipa. Ndakhala pa mtondo ndalira pang'ono. Lusiya wadutsa pa njinga, sanaime. Mulungu ndi wabwino.

Lachisanu

Ufa watsala wa ulendo umodzi. Ndapita kwa a Esitere kukabwereka chivindikiro chachikulu. Ndawapeza akuthowa mawondo.

"Mwanawe, ukuufunadi udindowu? Ine misa ya Natale ndinaimva komaliza Marta wako asanabadwe. Nyimbo ndimazimvera kuseri, utsi uli m'maso."

Andiwerengera za chaka chamawa: maukwati atatu, ubatizo, a Bishopu kubwera ndi anthu awo, maliro amene sauza munthu. Nkhuni ndi zako. Mphika ukasowa, dzina ndi lako.

Ndabwerera kunyumba ndi chivindikiro. Nyenyezi ndaphika, mchenga womwewo, wina ndiutenga kuti. Fungo lilipo ndithu. Lero silikundiwawa kwenikweni.

Loweruka, Natale

Tebulo pansi pa mtengo wa mango. Keke ya Lusiya yoyera, ya maluwa pamwamba. Mbale yanga ndaiika kumapeto, pafupi ndi makapu.

A Padiri aluma nyenyezi imodzi, atafuna nthawi yaitali. "Mayi, izi ndi zakwathu zenizeni."

Basi azibambo a ku gombe onse pa mbale yanga. Akulimbirana. A Jaime aika ziwiri m'thumba la malaya. Wina akuti keke ndi ya ana, izi ndiye za anthu ogwira nkhafi. Mbale mbee, keke ikadali theka.

Mantha andigwira. Nanga akandipatsa kiyiyo? Ndayenda kwa amayi mmodzimmodzi kuyamikira keke ya Lusiya, kufewa kwake, maluwa ake. Sindinayamikirepo munthu chotero moyo wanga wonse, iye mpaka wandiyang'ana mokayika.

Lamulungu

Osankha ndi amayi, osati azibambo, ndipo mphuno za amayi zimagwira ntchito. Kiyi wapita kwa Lusiya. Manja awiri okha anakwera pa dzina langa: la mlamu wanga, ndi la agogo ena amene samva bwino.

Chandibaya pang'ono, ndisaname. Munthu sukondwa kugonja pamaso pa mpingo. Koma nthungululu yanga inamveka kuposa ya onse.

Nyimbo yachiwiri ya misa isanathe, Lusiya watuluka kukasonkha moto wa tiyi wa alendo. Ine phee pa benchi, misa yonse mpaka dalitso, pambali pa a Esitere amene akuimba misozi ili m'masaya.

Potuluka Lusiya wandipeza, maso ofiira ndi utsi, kiyi ali pakhosi.

"Mana, achemwali anga, a Bishopu akadzabwera mudzandithandize kuphika."

Ndamugwira dzanja mwachikondi. Ndati mana, ine chilichonse ndagwira chimanunkha usipa, tisawachititse manyazi a Bishopu. Ndidzabwera kudzadya.